Mawaya ndi kuziziritsa injini: ntchito imene wopanga ndege ya kit amatsala nayo yekha

Munthu akamva kuti wina wapanga ndege m'galaja la pakhomo pake n'kukaiulutsa, funso loyamba limakhala la mapiko: kodi sathothoka ali m'mwamba? Amene anagwirapo ntchitoyi amaloza kwina. Mapiko ndi thupi la ndege zimabwera zitayezedwa kale, malata atadulidwa, nthawi zambiri ndi mabowo omwe atabooledwa kufakitale, ndipo buku la malangizo limakuyendetsa tsamba ndi tsamba. Chowasowetsa tulo chili kumphuno kwa ndege kumene kuli injini, ndi kuseri kwa bolodi la mageji kumene kumadutsa mawaya. Kumeneko buku limayamba kuchepa mawu, poti aliyense amasankha injini yake, wailesi yake ndi zida zake.

Mawaya ndi kuziziritsa injini zimaoneka ngati nkhani ziwiri zosiyana, koma zili ndi khalidwe limodzi. Magetsi ndi mphepo zonse zimakonda njira yachidule. Mukazisiyira kampata zimadzera pomwepo, n'kusiya ntchito imene munazituma. Choipa n'chakuti zolakwa zoterezi zimakonda kubisala ndege ikakhala pansi.

Ndege ya kit n'chiyani?

Kit ndi ziwalo za ndege zogulitsidwa m'mabokosi zisanalumikizidwe. Ku United States, kumene ndege zotere n'zambiri kuposa kwina kulikonse, bungwe loyang'anira za maulendo a pandege la FAA limaziika m'gulu lotchedwa Experimental Amateur-Built. Lamulo lake limati ntchito yoposa theka ichitidwe ndi anthu amene akupanga ndegeyo pofuna kuphunzira kapena kusangalala. Eni ake amangoti "lamulo la 51 peresenti".

Mu 1953 Paul Poberezny anayambitsa bungwe la Experimental Aircraft Association mumzinda wa Milwaukee, ndipo mpaka lero anthu ake amasonkhana chaka ndi chaka ku Oshkosh, m'chigawo cha Wisconsin. Kampani ya Van's Aircraft ya ku Oregon, imene anayambitsa Richard VanGrunsven, ili ndi ndege za mtundu wa RV zoposa 10,000 zimene anthu anamaliza kupanga n'kuziulutsa. Choncho si masewera a anthu owerengeka.

Kugula kit kuli ngati kulandira nyumba yokhala ndi makoma ndi denga koma yopanda magetsi ndi mapaipi. Pa ndege ya kufakitale, waya aliyense ndi kachitsulo kalikonse zinavomerezedwa kale. Wopanga yekha ali ndi ufulu wosankha, ndipo ufuluwo umadza ndi mtolo wake. Mu 2012 bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti m'chaka cha 2011 ndege zodzipangira zinali pafupifupi 10 peresenti ya ndege zing'onozing'ono za m'dzikolo, koma zinatenga pafupifupi 15 peresenti ya ngozi zonse ndi 21 peresenti ya ngozi zofetsa anthu. Kulephera kwa injini ndi zida zoizungulira kunali pakati pa zifukwa zikuluzikulu.

Waya wa m'ndege

Waya wa m'ndege si chitsulo chimodzi chokhuthala. Ndi timawaya tambirimbiri ta kopa topotedwa pamodzi, ndipo chifukwa chake ndi kunjenjemera. Tengani kawaya kouma, mukapinde uku ndi uku kangapo, muona kuti kathyoka. Injini yozungulira ka 2,400 pa mphindi imachita zomwezo kwa waya aliyense amene ali pafupi nayo, maola mazanamazana. Timawaya tating'ono timapirira kupindidwa kumene chitsulo chimodzi sichingapirire.

Pulasitiki yokuta wayayo nayonso ndi nkhani. Mawaya wamba ambiri amakutidwa ndi PVC, imene ikapsa imatulutsa utsi wolasa m'maso ndi wotsamwitsa. M'galimoto mumaima n'kutuluka. M'ndege mulibe poimika. N'chifukwa chake opanga ambiri amagula waya wa muyezo wa M22759/16, wokutidwa ndi Tefzel, amene amapirira kutentha mpaka madigiri 150 Celsius ndipo sasupuka msanga akamakhuzana ndi chitsulo.

Phunziro ili linagulidwa ndi miyoyo ya anthu pa ndege zikuluzikulu. Pa 17 July 1996 ndege ya TWA 800 inaphulika itangonyamuka ku New York, ndipo anthu 230 anafa; ofufuza anati n'kutheka kwambiri kuti magetsi olowerera m'mawaya olakwika anayatsa nthunzi ya mafuta m'thanki ya pakati. Pa 2 September 1998 ndege ya Swissair 111 inagwera m'nyanja kufupi ndi Nova Scotia moto utabuka kudenga, kufupi ndi chipinda cha oyendetsa, pamalo pamene anapezapo zizindikiro za mawaya othetheka. Anafa anthu 229. Ngozizi zitachitika, akatswiri analeka kuona mawaya ngati zingwe zoika n'kuiwala. Anayamba kuwatenga ngati chiwalo chimene chimakalamba ndipo chiyenera kumayenderedwa.

Kukula kwa waya kumayezedwa ndi manambala a AWG, ndipo apa ambiri amasokonezeka: nambala ikakula, waya amachepa. Waya wa 22 ndi wowonda, woyenera geji kapena kababu. Wa 2 kapena 4 ndi wonenepa ngati chala, wopita ku sitata. Ganizirani paipi ya madzi. Ikachepa, madzi amafika ofooka kumapeto, ndipo ikatalika amafookeratu. Magetsi nawo amatero, koma amawonjezapo china: mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha m'wayamo. Chikalata cha malangizo cha FAA chotchedwa AC 43.13-1B, chimene opanga ambiri amachisunga pa benchi, chimati pa ndege ya mavolti 14, chida chimene chimayaka nthawi zonse chisataye kuposa theka la volti m'njira.

Polumikiza waya ku kachitsulo ka kumapeto pali njira ziwiri: kuwotcherera ndi mtovu, kapena kufinya ndi pulayala yapadera, kumene amati crimp. Munthu wozolowera kukonza mawailesi amakhulupirira mtovu, ndipo n'zomveka. Vuto lake m'ndege n'lakuti mtovu wosungunuka umakwera m'timawaya tija ngati mafuta m'chingwe cha nyali, n'kutiumitsa kukhala chitsulo chimodzi. Pamene pathera mtovu ndi pamene waya amadzathyokera, mkati mwa pulasitiki, posaoneka. Kuwotcherera sikoletsedwa ayi, kungoti pamafunika chogwiriziza waya kuti asamagwedere pa mfundopo. Wofinya naye ali ndi mwambo wake: akamaliza amakoka wayayo mwamphamvu ndi dzanja. Wayayo akasololoka pa benchi, munthu wapulumuka ulendo umodzi.

Fuyuzi imateteza chiyani?

Ambiri amaganiza kuti fuyuzi kapena circuit breaker imateteza wailesi kapena nyali. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza waya. Waya akasupuka n'kukhudza thupi la ndege, magetsi amapeza njira yachidule ija, amathamanga mopanda malire, ndipo m'kanthawi kochepa wayayo amafiira. Fuyuzi ndi malo ofooka oikidwa dala kuti aduke wayayo asanapse. Motero kukula kwake kumatsata kukula kwa waya. Pa tebulo la m'chikalata chija, waya wa 22 amayendera limodzi ndi breaker ya maampu 5, wa 18 ndi ya maampu 10, wa 14 ndi ya maampu 20. Kuika breaker yaikulu pa waya wowonda kuli ngati kulemba mlonda amene amadzuka nyumba itapsa kale.

Chigawo cha waya chochokera kugwero la magetsi kukafika pa fuyuzi sichitetezedwa ndi chilichonse, choncho chiyenera kukhala chachifupi. Pa chifukwa chomwecho, swichi yaikulu yodula magetsi onse, imene amati master contactor, imaikidwa pafupi penipeni ndi batire. Woyendetsa akanunkhiza utsi, chala chimodzi chimakwanira kuzimitsa mawaya onse a m'chipinda.

Njira yobwerera, ndi moto wa m'mapulagi

Magetsi sapita ulendo wosabwerera. Amachoka ku batire, kugwira ntchito, n'kubwerera, ndipo njira yobwererayo ndiyo amaitcha ground. Pa ndege ya aluminiyamu thupi lenilenilo likhoza kukhala njirayo. Pa ndege ya matabwa kapena ya fiberglass pamafunika waya wachiwiri. Mavuto ambiri osamvetseka amabadwira apa: kulira kwa "wiii" m'mahedifoni kumene kumakwera injini ikakwera, geji ya oyilo imene imasuntha mukayatsa nyali. Zimachitika zida zikamabwerera m'njira zosiyanasiyana, magetsi a chida china n'kumalowerera m'njira ya chinzake. Mankhwala odziwika ndi kusonkhanitsa mawaya obwerera a zida za pa bolodi pamalo amodzi. Palinso lamba wonenepa wolumikiza injini ku batire kapena ku khoma la kutsogolo. Injini imakhala pa mphira, ndipo lambayo akaiwalika, magetsi ochuluka a sitata amakafuna njira m'timawaya tating'ono ndi m'zingwe zoyendetsera injini, n'kuziwotcha.

Injini zakale za ndege sizidalira batire kuti zipitirize kulira. Zili ndi magneto ziwiri, timakina todzipangira tokha magetsi injini ikamazungulira, ndipo silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri. Batire ndi alternator, makina odzaza batire, zikafa, wailesi imazima koma injini imapitirira. Magneto ili ndi khalidwe lodabwitsa: kuti izime, waya wake wotchedwa P-lead amalumikizidwa ku ground. Wayayo akaduka, injini siizima m'mwamba, zimene ndi zabwino. Koma pansi magnetoyo imakhala yamoyo ngakhale kiyi atazimitsa, ndipo munthu wotembenuza pulopela ndi dzanja akhoza kuidzutsa injini. Kawaya kamodzi kameneko n'koyenera kukapatsa ulemu.

Masiku ano ambiri amaika zoyatsira mapulagi za kompyuta ndi mapampu a petulo a magetsi. Injini imalira msanga, ndipo paulendo imamwa mafuta mochepa. Koma ngati zidazo zilibe magetsi akeake, injini imakhala yodalira mawaya, ndipo pamafunika batire lachiwiri kapena alternator yachiwiri, komanso kuganiza mofatsa kuti pasakhale mfundo imodzi imene ikamasuka zonse zimazimira limodzi.

Kutentha kumachokera kuti, kumapita kuti?

Mwa mphamvu yonse ya petulo amene injini imawotcha, imene imafika ku pulopela siiposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Yambiri imatuluka ndi utsi. Yotsalayo imalowa m'zitsulo za injini ndi mu oyilo, ndipo iyenera kuchotsedwa nthawi yomweyo. Injini zodziwika kwambiri pa ndege za kit, monga Lycoming O-320 ya mphamvu ya mahatchi 150 mpaka 160 ndi O-360 ya mahatchi 180, zilibe madzi kapena radiyeta. Zili ndi masilinda anayi ogona, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, okhala ndi zipsepse zachitsulo ngati za injini ya njinga yamoto. Zipsepsezo zimachulukitsa malo amene mphepo ingakhudze.

Mkangano wa madzi ndi mphepo ndi wakale ngati ndege yomwe. Injini ya abale a Wright mu 1903 inali yozizira ndi madzi. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse kunali injini ngati Gnome, zimene masilinda ake ankazungulira limodzi ndi pulopela, n'kumadzipemerera okha. Mu 1927 Charles Lindbergh anawoloka nyanja ya Atlantic, maola oposa 33, ndi injini yozizira ndi mphepo ya Wright J-5. Nthawi imeneyo masilinda ankasiyidwa poyera, ndipo ankakoka ndege m'mbuyo kwambiri. Kenaka Fred Weick ndi anzake ku Langley, pansi pa bungwe la boma la United States lofufuza za ndege la NACA, anaonetsa mu 1928 kuti injini ikaphimbidwa bwino mphepo n'kulondoleredwa m'kati, ndege imathamanga koposa injini ikuzizirabe. Ndege yoyeserera ya Curtiss AT-5A inachoka pa mamailosi 118 kufika 137 pa ola, ndipo ntchitoyi inapatsa NACA mphoto ya Collier ya 1929. Chophimba injini chimenechi ndicho cowling.

Nambala imene woyendetsa amayang'anitsitsa ndi kutentha kwa mutu wa silinda, mwachidule CHT. Pa injini zake zambiri, Lycoming imaika malire ofiira pa madigiri 500 Fahrenheit, amene ndi 260 Celsius. Koma kampani yomweyo imalangiza kuti amene akufuna injini ikhalitse asapitirire 435 paulendo wothamanga ndi 400 paulendo wosunga mafuta, kapena kuti 224 ndi 204 Celsius. Mutu wa silinda ndi wa aluminiyamu, ndipo aluminiyamu imafooka ikatentha. Kutentha kukanyanya, petulo amayamba kuphulika mwadzidzidzi m'malo moyaka mwadongosolo, ndipo zimenezo zikhoza kuboola pistoni.

Malata olondolera mphepo

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri amaganiza kuti mphepo imangowomba injini kuchokera kutsogolo n'kuiziziritsa. Zikanakhala choncho, masilinda a kutsogolo akanazizira, a kumbuyo n'kupsa. Chimene chimachitika n'chakuti mkati mwa cowling mumagawidwa zipinda ziwiri, cha pamwamba pa injini ndi cha pansi. Mphepo imalowera m'mabowo a kumbuyo kwa pulopela, n'kuunjikana m'chipinda cha pamwamba. Cha pansi chili ndi potulukira, choncho mphamvu ya mpweya imakhala yochepa. Mphepo imakakamizika kutsika, ndipo njira yokhayo imene iyenera kupeza ndi ya pakati pa zipsepse.

Makoma a chipinda cha pamwambacho ndi malata opyapyala a aluminiyamu otchedwa baffles, ndipo m'mphepete mwake mumakhala malamba a mphira kapena silikoni amene amatsamira ku cowling. Kusiyana kwa mphamvu ya mpweya pakati pa zipinda ziwirizi n'kochepa modabwitsa. Mutatenga kapaipi koonekera mkati, n'kukapinda ngati chilembo U, n'kuthiramo madzi, mbali imodzi n'kuilowetsa pamwamba pa injini inayo pansi, madziwo angasiyane ndi mainchi 5 kapena 6 okha. Moyo wa injini umatsamira pa kamphamvu kameneko. Kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa: bowo lililonse, ngakhale laling'ono, limadya gawo lake, ndipo mabowo khumi ang'onoang'ono amafanana ndi limodzi lalikulu.

Opanga odziwa ali ndi njira yosavuta yosakira mabowowo. Amadikira mdima, kuika tochi pansi pa injini, n'kuyang'ana kuchokera pamwamba. Kuwala kulikonse kumene kukudutsa posakhala pakati pa zipsepse ndi mphepo yakuba, ndipo pamenepo amamatapo silikoni wopirira moto. Ndege ikauluka maola angapo amavula cowling n'kuigadamitsa. Malamba aja amasiya mzere wakuda pamene amakhudza. Pamene mzerewo wadukiza, mphepo imathawira pamenepo. Malambawo ayenera kupindikira mkati mwa chipinda cha pamwamba, kuti mphepo ikamaunjikana iziwakanikiza ku cowling. Limodzi likapindikira kunja pomwe munthu akuvala cowling mothamanga, mphepo imalitsegula ngati chitseko.

Pali kanthu kena kamene opanga ndege za injini ya Lycoming amakadziwa bwino. Silinda nambala 3, ya kumbuyo kudzanja lamanja, imakonda kutentha kuposa zinzake. Mbali imodzi ya mutu wa silinda zipsepse zake n'zosaya kwambiri, ndipo pa silinda imeneyi mbaliyo imayang'ana kumbuyo, kumene lata limaigunda. Mphepo imasowa podutsa kuti ikafike ku zipsepse za m'munsi. Ena amaika kawashala kuti latalo litalikirepo pang'ono, ena amapanga kanjira kolambalala. Mpata wosakwana kunenepa kwa chala umasintha nambala ya pa geji.

Kukulitsa mabowo olowera si mankhwala nthawi zonse. Mphepo singalowe ngati ilibe kotulukira, ndipo yotenthedwa imafufuma, imafuna malo ambiri. Komanso mphepo iliyonse yodutsa m'kati mwa injini imabweza ndege m'mbuyo. Wopanga amakhala pakati: akatsegula kwambiri ataya liwiro, akatseka kwambiri awotcha masilinda. Nthawi yovutitsitsa ndi pokwera, tsiku lotentha, poti injini ikugwira ntchito ndi mphamvu zonse pamene ndege ikuyenda pang'onopang'ono. Woyendetsa amatha kutsitsako mphuno kuti liwiro likwere, kapena kuwonjezera petulo m'chisakanizo, pakuti petulo wochuluka amachepetsa ukali wa moto. Nthawi yothethekera mapulagi nayo imakhudza: moto ukayamba msanga kuposa muyezo, masilinda amatentha, ngakhale malata atakhala abwino chotani.

Oyilo, ndi injini za madzi

Oyilo samangofewetsa zitsulo, amanyamulanso kutentha kuchokera m'kati mwenimweni, kumene mphepo siifika. Amadutsa m'karadiyeta kake, kamene nakonso kamadya mphepo ya m'chipinda cha pamwamba chija. Lycoming imaika malire a oyilo pa madigiri 245 Fahrenheit, kapena 118 Celsius, ndipo imafuna kuti azikhala cha m'ma 180, amene ndi 82 Celsius. Kuzizira kwambiri nakonso n'koipa. Petulo akamayaka amabala madzi, ena amalowa mu oyilo, ndipo oyiloyo akapanda kutentha mokwanira madziwo satuluka. Amatsala n'kumadyetsa injini dzimbiri.

Injini ya Rotax 912 ya ku Austria, imene inatuluka mu 1989 ndipo ili pa ndege zopepuka zambirimbiri, inatenga njira ya pakati: mitu ya masilinda imazizira ndi madzi, matupi a masilinda ndi mphepo. Kutentha kwake kumakhala kokhazikika, koma wopanga amalandira ntchito ina ya radiyeta, mapaipi a mphira ndi zomangira zake, ndipo chilichonse mwa izi chikhoza kudontha. Lamulo lija silisintha: mphepo ikapeza mpata m'mbali mwa radiyeta, siidutsa m'kati mwake.

Pamene ziwirizi zimakumana

Pakati pa injini ndi miyendo ya woyendetsa pali khoma la chitsulo chosachita dzimbiri lotchedwa firewall. Pa ndege za kufakitale khomali liyenera kupirira lawi la madigiri 2,000 Fahrenheit, pafupifupi 1,100 Celsius, kwa mphindi 15. Waya aliyense wopita ku injini amafuna bowo pa khomalo, ndipo bowo lotsekedwa ndi mphira wamba limasanduka khomo la moto ndi utsi. Choncho mabowo amachepetsedwa, ndipo amatetezedwa ndi zitsulo ndi nsalu zosapsa.

Kutsogolo kwa khomalo waya amakumana ndi adani ake onse pamodzi. Mapaipi a utsi amamuwamba. Injini imagwedezeka pa mphira wake, makamaka poliza ndi pozimitsa, motero waya wochoka ku thupi la ndege kupita ku injini amafuna kulekerera pang'ono. Wokokedwa kuti gwa amaduka. Mawaya amadutsitsidwa pamwamba pa mapaipi a petulo, osati pansi pomwe angadontherepo, ndipo samangiriridwa ku mapaipiwo. Ngakhale timalamba ta pulasitiki tomangira mawaya tili ndi vuto lake: tikamangidwa molunjika pa chitsulo chonyamula injini, fumbi ndi oyilo zimalowa pansi pake, n'kumapala chitsulocho pang'onopang'ono. Alternator, magneto ndi pampu ya petulo nazo zimadana ndi kutentha, ndipo ambiri amazikokera timapaipi ta mphepo yozizira. Kapaipi kalikonse kotere ndi bowo loboola dala m'ndowa ija.

Chomaliza n'chakuti zonse zimene woyendetsa amadziwa za kutentha kwa injini zimadzera m'waya. Choyezera cha pa silinda, thermocouple, ndi zitsulo ziwiri zosiyana zolumikizidwa nsonga, zimene zikatentha zimabala timagetsi tochepetsetsa. Waya wowonjezera ayenera kukhala wa mtundu umene wopanga gejiyo analamula, ndipo mfundo yomasuka kapena yadzimbiri imanamiza geji. Munthu akhoza kutha milungu akudula malata pofuna kuziziritsa silinda imene siikutentha n'komwe. Njira yachidule yodziwira ndi kusinthanitsa zoyezera za masilinda awiri. Nambala yokwerayo ikasamuka limodzi ndi choyezera, vuto lili m'waya kapena m'choyezeramo. Ikatsala pa silinda yomweyo, vuto ndi mphepo kapena moto wa m'silindamo.

Maola oyamba

Ku United States ndege yatsopano yodzipangira imayamba ndi nyengo yoyesedwa m'dera loikidwa, osanyamula anthu ongokwera. Mwa nthawi zonse ndi maola 40, kapena 25 ngati injini ndi pulopela zili zovomerezedwa kale limodzi, ndipo kuyambira 2023 pali njira ina yotsata mndandanda wa zoyesa m'malo mowerenga maola.

Pamenepa pali msampha. Ndege yatsopano imafuna kuyesedwa modekha: kuliza injini pansi, kuyendayenda pa bwalo, kuona ngati magetsi ali bwino. Injini yatsopano imafuna zosiyana. Mphete za mapistoni ziyenera kudyerera m'makoma a silinda, ndipo zimenezi zimachitika injini ikamagwira ntchito mwamphamvu, cha m'ma 65 mpaka 75 peresenti, ili m'mwamba. Pansi mphepo ya pulopela siikwanira, ndipo kuliza nthawi yaitali kukhoza kuwotchera oyilo pa makomawo n'kuwaterereza, injini n'kukhala yomwa oyilo mpaka masilinda atakonzedwanso. Injini yatsopano imatenthanso kuposa yozolowera. Ndiye kuti malata osayesedwa amakumana ndi mayeso awo aakulu pa tsiku lomwelo limene woyendetsa ali ndi zambiri zoti aziyang'ana.

Zimene opanga sanamvanebe

Fuyuzi, breaker, kapena bokosi la kompyuta logawa magetsi? Okonda mafuyuzi amati n'ngopepuka, otsika mtengo, ndipo chimene chadula magetsi m'mwamba n'chosayenera kuchibwezera usanatere. Okonda ma breaker amafuna kuona chimene chazima ndi kutha kuchizimitsa ndi dzanja. Bokosi la kompyuta limachepetsa mawaya ndipo limaonetsa maampu a chida chilichonse, koma ena amafunsa kuti likadzafa lokhalo, n'chiyani chidzatsale choyaka.

Mabatire a lithium ndi opepuka kwambiri poyerekeza ndi a mtovu. Ambiri ali ndi kaubongo kamene kamadula batire kakaona zachilendo, pofuna kuliteteza. Pa injini yodalira magetsi, kodi choyenera kutetezedwa poyamba ndi batire kapena injini? Ndipo kuwonjezera batire lachiwiri, alternator yachiwiri ndi maswichi ake kumafika pati pamene kumayamba kubweretsa zolakwika zambiri kuposa zimene kukuchotsa?

Pa za kutentha, ena amakhutira ndi madigiri 400 Fahrenheit a Lycoming, ena amalimbikira kuti paulendo asadutse 380, ngakhale zitadya liwiro. Palinso mkangano wa kuzizira kwadzidzidzi potsika. Lycoming imalangiza kuti mutu wa silinda usazizire mopitirira madigiri 50 Fahrenheit pa mphindi, poopa ming'alu. Ena amatsutsa, amati chowononga chenicheni ndi kutentha kumene silindayo inafika poyamba, ndipo amaloza ndege zophunzitsira zimene zimakwera ndi kutsika tsiku lonse injini zake n'kukhalitsabe.

Makampani a kit nawo ayamba kugulitsa mitolo ya mawaya yolukidwa kale ndi malata odulidwa kale, zoti munthu angolumikiza. Zimachepetsa zolakwa za wophunzira, ndipo palibe amene amakana zimenezo. Koma lamulo linalola ndege zimenezi pofuna kuti anthu aphunzire, ndipo ku United States wopanga wamkulu wa ndegeyo akhoza kupatsidwa chilolezo choti aziiyendera yekha chaka ndi chaka. Kodi amene analandira mtolo wolukaluka adzadziwa poyambira kusaka, tsiku limene geji ya silinda nambala 3 idzayambe kuvinavina?